Malimu aja ayera tsopano

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za litsiro lakuda lomwe linakanirira pa malimu a galimoto yanga, zitsulo zomwe amavekapo matayala. Ndinamvera achimwene aja amene anati ndisiye kukwecha ndi mchenga wa kunyanja chifukwa umakanda utoto woteteza aluminiyamu. Ndinatsuka ndi sopo wa mbale m'madzi ofunda, n'kupaka phala la soda, kudikira mphindi 10, kenako mswachi wakale m'makona monse. Madontho a phula anachoka ndi kansanza konyowa parafini.

Litsiro lija ndi fumbi la mabuleki, tizitsulo tomwe timamatirira limu likatentha. Dzuwa la kuno ku Mangochi mukulidziwa: tsiku loyamba ndinatsuka masana, sopo anaumira pomwepo n'kusiya mawanga. Tsukani m'mamawa malimu asanatenthe. Limodzi lomwe ndinalikanda kale ndi mchenga, ayi ndithu, silinawalenso.