i.MX6ULL: hab_status ikuti palibe vuto, kodi ndingatseke chip tsopano?

waya_wofiira

Akuluakulu, ndithandizeni ndisanaphe bodi. Ndili ndi bodi ya i.MX6ULL, chip ya NXP, yomwe imadzukira pa SD card. U-Boot, pulogalamu yomwe imadzutsa bodi, ndaimanga ndi CONFIG_IMX_HAB=y kuti igwire ntchito ndi HAB (High Assurance Boot, gawo la mu ROM ya chip lotsimikiza siginecha ya firmware), makiyi ndapanga ndi hab4_pki_tree.sh ya mu CST (zida zosayinira) ya NXP, RSA 2048, ma SRK (Super Root Key, makiyi akuluakulu) anayi. Ndasayina u-boot-dtb.imx, CSF (fayilo ya masiginecha ndi malamulo a HAB) ndaimata kumapeto ndi cat, kenako ndalemba pa khadi ndi dd bs=1K seek=1. Bodi ikudzuka bwinobwino ndipo hab_status ikulemba "No HAB Events Found!". Fuse, ma bit a mu chip olembedwa kamodzi kokha, sindinawotche ngakhale imodzi. Kodi apa ndiye kuti zonse zili m'malo mwake, moti ndikhoza kuwotcha SRK hash ndi SEC_CONFIG, fuse yotseka chip kuti izikana fayilo yosasayinidwa, ulendo umodzi? Nanga kernel, nayo yatetezedwa kale?

mkulu_wa_ma_bodi

Achimwene, musawotche ziwirizo limodzi. Uthenga umene mwauonawo ukunena zochepa kuposa momwe mukuganizira. Chip ikadali yotsegula ndipo ma fuse a SRK onse ali ziro, HAB ya pa chip ngati yanuyo siyerekeza SRK table yanu ndi chilichonse. Yangoona kuti siginecha ikugwirizana ndi makiyi omwe abwera m'fayilo momwemo. Munthu wina atasayina ndi makiyi ake, bodi yanu ingalembenso zomwezo. Mayeso enieni amayamba hash ikalowa mu fuse.

Choyamba tulutsani manambala kuchokera mu fayilo yomwe srktool inapanga:

hexdump -e '/4 "0x"' -e '/4 "%X""\n"' SRK_1_2_3_4_fuse.bin

Fayiloyo ndi ya ma byte 32, SHA-256 ya SRK table, ndiye mupeza mizere 8. Gwiritsani ntchito lamulo limeneli ndendende. Ambiri amatsegula fayiloyi ndi xxd kapena hexdump -C n'kukopera momwe ma byte akuonekera, osadziwa kuti mawu a 32 bit aliwonse ayenera kuwerengedwa little-endian. Mukatero ma byte amalowa chotembenuka, ndipo fuse ikachoka pa 0 kupita pa 1 sibwereranso.

Pa i.MX6 hash imakhala mu bank 3, word 0 mpaka 7: fuse prog 3 0 ndi nambala yoyamba, fuse prog 3 1 ndi yachiwiri, mpaka fuse prog 3 7. Samalani ndi malangizo a pa intaneti olembedwera i.MX7D kapena i.MX8M, chifukwa kumeneko hash imagawidwa mu bank 6 ndi bank 7, mawu anayi mbali iliyonse. Magetsi asadukize mukuwotcha. Bodi ikhale pa batire kapena UPS, osati pa USB ya laputopu.

Mukamaliza, werenganinso ndi fuse sense 3 0 8, muyerekeze mzere ndi mzere. Zimitsani bodi kwathunthu, yatsaninso, kenako hab_status. Ikalembanso kuti palibe ma event, ndiye kuti hash ndi makiyi agwirizanadi. Pokhapo m'pamene mungaganize za fuse prog 0 6 0x00000002, lamulo lowotcha SEC_CONFIG. Isanatsekedwe muziona HAB Configuration 0xf0 ndi State 0x66. Ikatsekedwa bwino zimasintha kukhala 0xcc ndi 0x99.

dzimbiri_pa_pini

Zomwe anena akuluwa ndi zoona. Ndiwonjezepo chimodzi chimene chimapha ma bodi ambiri: njira yodzutsira bodi ikafa. Chip ikatsekedwa, Serial Download ya pa USB nayo imakana fayilo yosasayinidwa, ndipo fayilo yomwe mwasayinira SD card nthawi zambiri siyenda pa USB. Chifukwa chake ndi DCD, gawo la fayilo lomwe limakonza DDR, RAM ya pa bodi. Pa USB, uuu kapena imx_usb_loader imatumiza DCD payokha ku OCRAM, RAM ya m'kati mwa chip, pa 0x00910000, kenako imafufuta adiresi ya DCD mu IVT, tebulo la ma adiresi lomwe ROM imawerenga, kuti ROM isaibwereze. Ma byte anayi amenewo akasintha, siginecha yafa. Choncho pangani fayilo yachiwiri: ikani ziro pa adiresi ya DCD mu IVT, onjezani mzere wa DCD mu Blocks, sayinani, kenako bwezerani adiresiyo musanamate CSF. Manambala ake onse ali mu u-boot-dtb.imx.log, pa mizere ya HAB Blocks ndi DCD Blocks. Yesani fayilo ya USB imeneyi chip ikadali yotsegula, muone hab_status ili yoyera.

Za HAB Blocks zomwezo: muzikopera mwatsopano nthawi iliyonse mukamanga U-Boot. Adiresi imakhala 0x877ff400 ngati text base ili 0x87800000, koma kutalika kumasintha mukangowonjezera driver imodzi.

Onaninso mzere wa Engine mu CSF. Zitsanzo zambiri zimalemba CAAM, gawo la chip lowerengera za crypto, chifukwa zinalembedwera i.MX6Q kapena 6UL. ULL ilibe CAAM, ili ndi gawo lina la crypto lotchedwa DCP. Ikani Engine = SW, ndipo chotsani gawo la Unlock lonena za RNG ya CAAM.

Ma event akatuluka, yang'anani kaye RSN, nambala yonena chifukwa cha vutolo. 0x18 ndi siginecha yosagwirizana, ndiye kuti fayilo inasintha mutasayina kale kapena Blocks ndi yolakwika. 0x0C ndi assertion: pali gawo lomwe ROM imafuna litasayinidwa, monga IVT, boot data kapena DCD, koma lili kunja kwa Blocks zanu. 0x11 ndi CSF yomwe sinapezeke pomwe IVT ikuloza. 0x21 ikatuluka pa Install Key mutangowotcha hash, imani pomwepo, hash ndi table sizikugwirizana. Bodi imeneyo ikhoza kugwirabe ntchito yotsegula, koma musaitseke.

waya_wofiira

Zikomo kwambiri akuluakulu, za USB sindinaziganizire n'komwe. Nanga za kernel zija?

mayi_firmware

Kernel sinatetezedwe, achimwene. ROM imaona chinthu choyamba chokha, U-Boot, ntchito yake n'kuthera pomwepo. Zotsatira zili m'manja mwanu, ndipo njira zilipo ziwiri. Mukhoza kuika IVT ndi CSF kumapeto kwa zImage, U-Boot n'kuitana hab_auth_img ndi adiresi, kukula kwa fayilo ndi pomwe pali IVT. Kapena mugwiritse ntchito FIT yosayinidwa, fayilo ya U-Boot yonyamula zidutswa zingapo pamodzi, public key ili mu device tree ya U-Boot, yomwe HAB yaitsimikiza kale. Ine ndimakonda FIT, chifukwa siginecha ya configuration imamanga kernel, dtb ndi initramfs pamodzi; wina sangatenge kernel yabwino n'kuiphatikiza ndi dtb ina. Ingotsimikizani kuti kiyiyo yalembedwa required = "conf" ndipo legacy image format yazimitsidwa, apo ayi U-Boot idzalandirabe uImage wamba mosafunsa. Pa rootfs pafunika dm-verity, gawo la Linux lotsimikiza kuti diski sinasinthidwe, root hash yake ili mkati mwa chinthu chosayinidwa.

Pali makomo ena omwe anthu amasiya pululu. Environment ya U-Boot ikamasungidwa pa khadi, aliyense wokhala ndi card reader angasinthe bootargs n'kuika init=/bin/sh, siginecha zonse zili bwinobwino. Ikani CONFIG_ENV_IS_NOWHERE, ndipo bootdelay ikhale -2 kuti asaimitse U-Boot pa UART. Kenako ma fuse otsala: SRK_LOCK ndi fuse prog 0 0 0x4000, kuti wina asawonjezere ma bit mu hash n'kupha chipangizo, DIR_BT_DIS yoletsa kudzukira pa memory yakunja mosadutsa kutsimikiza ndi fuse prog 0 5 0x8, SJC_DISABLE yotseka JTAG, khomo la debug, ndi fuse prog 0 6 0x100000. Ya JTAG imeneyi muwotche pa ma bodi opita kwa makasitomala okha, pa bodi yanu yoyesera mudzaifuna.

Dziwaninso zomwe HAB sichita. Kusayina sikubisa firmware, aliyense akhoza kuiwerenga pa khadi. Siletsa munthu kubwezeretsa U-Boot yakale yomwe munasayina, ngakhale ili ndi bowo. Ndipo onani silicon revision ya chip yanu: mu 2017 a Quarkslab anapeza mabowo mu ROM ya i.MX, CVE-2017-7932 ndi CVE-2017-7936, ndipo ROM sikonzedwa ndi update, inakonzedwa m'ma chip opangidwa pambuyo pake.

mkulu_wa_ma_bodi

Mayi afotokoza bwino. Kakang'ono ka makiyi: ma SRK anayi aja mwachita bwino kuwapanga onse, chifukwa table siwonjezereka hash ikawotchedwa. Sayinani ndi SRK1 yokha, Source index = 0, enawo muwasunge pa kompyuta yosalumikizidwa ku intaneti pamodzi ndi kiyi ya CA, yomwe inasayina ma SRK, ndi key_pass.txt, makope awiri m'malo osiyana. Yoyamba ikabedwa mumaichotsa ndi fuse ya SRK_REVOKE n'kusamukira pa yachiwiri, koma CSF iyenera kukhala ndi Unlock ya OCOTP, gawo loyang'anira ma fuse, yolola SRK Revoke. Atatu oyamba okha ndi omwe amachotsedwa. Yachinayi sichotsedwa, ndiye imeneyo isatuluke m'sefu mpaka enawo atatha.