Mapepala a galu alembedwa IGP3, ena IPO3, ena SchH3, kusiyana kwake nkotani abale?

Wa_ku_Makawa:
Abale ndigawireni nzeru ndisanataye ndalama. Ndili ndi kanyumba kogona alendo kuno ku Makawa kufupi ndi nyanja, chaka chino akuba alowa kawiri, ulendo wachiwiriwu anadula waya wa fensi nkunyamula batire la sola ndi chikwama cha mlendo, manyazi ake ndinasowa poyang'ana. Ndiye pali mkulu wina akugulitsa tiana ta German Shepherd akuti makolo ake anachokera ku Joni, wanditumizira mapepala pa WhatsApp. Pa dzina la tate wake palembedwa IGP3, make BH basi, agogo ake ena IPO3 ena SchH3. Iye akuti IGP ndi giredi yapamwamba kuposa zinazo nchifukwa chake mtengo wakwera, ndipo mtengowo ungagule njinga yamoto yoyendako kale. Nzoona zimenezi? Nanga kagaluko kakakula kazidziwa kokha kulondera?

Mdala_wa_Agalu:
Achimwene musapupulume. Ine ndinakhalako ku Joni ndikugwira ntchito kwa munthu woweta agalu amenewa, Loweruka lililonse tinali ku bwalo, ndiye izi ndinaziona ndi maso. SchH, IPO ndi IGP ndi mayeso amodzimodzi, angosintha dzina. Zinayambira ku Germany, bungwe la agalu a German Shepherd lotchedwa SV linakhazikitsidwa mu 1899 ndi Max von Stephanitz, ndipo mayeso a Schutzhund, mwachidule SchH, anawaika kuti aziona galu woyenera kubereka, osati azingoswana chifukwa choti ndi wokongola. Mu 2012 zonse zinalowa pa dzina la IPO pansi pa FCI, bungwe la mayiko ambiri loona za agalu, kenako pa 1 January 2019 dzina linakhala IGP. Ndiye gogo wa SchH3 ndi tate wa IGP3 ali pa sitepe imodzi, dzinalo likungokuuzani nyengo imene galuyo analowa mayeso. Choyang'ana ndi nambala, 1, 2 kapena 3, ndipo 3 ndiye yapamwamba.

Mayesowo ali patatu ndipo gawo lililonse ndi mapointi 100, galu akapeza osakwana 70 pa gawo limodzi lokha walephera. Loyamba ndi kulondola fungo, mphuno pansi phazi ndi phazi, pa IGP3 ndi mapazi 600 amene munthu wachilendo anaponda ola lathunthu lapitalo, akapeza kanthu kotayidwa m'njiramo amaonetsa, ambiri amagona pomwepo. Lachiwiri ndi kumvera, kuyenda pambali pa mwendo wa mbuyake uku mfuti ikulira kawiri iye osanjenjemera, kudumpha chotchinga cha mita imodzi, kukatenga chimtengo cholemera makilo awiri. Lachitatu ndi lija anthu amakonda kuonera pa vidiyo, galu amafufuza m'timatenti 6 mpaka apeze munthu wobisala, akampeza amangouwa pamaso pake osaluma, kuluma nkololedwa pokhapokha munthuyo akathawa kapena akamuputa. Ndipo akauzidwa kuti siya ayenera kulavula chimkono chokhuthala chimene munthuyo amavala, akakana mpaka kuuzidwa katatu jaji amamutulutsa, mapointi onse apita.

BH ya make ija musaipeputse koma sinso ya kuluma ayi, ndi mayeso oyamba a kumvera ndi kudekha pakati pa anthu, njinga, magalimoto ndi agalu ena. Kawirikawiri galu amalowa BH akakwana miyezi 15, IGP1 pa miyezi 18.

Kabaza_Mpondasi:
Mdala mwafotokoza bwino koma pamene mukuti nzimodzimodzi ine ndikukanako pang'ono. Ine ndimaonera kwambiri mipikisano imeneyi pa YouTube, mavidiyo akale munthu uja wovala chimkono chokhuthala amamenya galu kawiri ndi ndodo yofewa ali chilumire kuti aone ngati asiye ndi mantha. Masiku ano anachotsa, amangomuopseza nayo m'mwamba chifukwa cha madandaulo a anthu oona za ufulu wa nyama ku Ulaya, ndipo malamulo anawalembanso mu 2025. Nde kwa ine galu wa SchH3 wakale anayesedwa mtima kuposa wa lero. Wakuba wa kuno sabwera ndi ndodo ya siponji, amabwera ndi chikwanje.

Mdala_wa_Agalu:
Apo mwalasa aise, zosintha zilipodi, ine ndimanena za giredi. Koma ndodo ija isakusokonezeni, jaji wodziwa amaonabe galu wamantha, kalumidwe kake kamakhala ka kunsonga kwa mano, akutafunatafuna, maso ali kwa mbuyake. Wolimba mtima amadzaza kamwa lonse nkukhala phee. Ndipo ngakhale wakale uja sanaphunzire za chikwanje, anaphunzira mkono wovekedwa, pa bwalo lotchetcha bwino, masana. Ndinaonapo galu wa mapointi apamwamba, munthu atavula chimkono chija nkumuponyera, galu anachinyamula nkumathamanga nacho mosangalala munthu ali chiimire pomwepo. Kwa iye ndi masewera.

Mayi_a_ku_Namwera_Road:
Ine za mapointi sindilowererapo, ndingokuchenjezani ngati mlongo wanu. Malo anu ndi a alendo, pali ana, pali anyamata ogulitsa nsomba amalowa m'mamawa, pali aneba ena amene chipembedzo chawo sichilola kukhudzana ndi malovu a galu, ndiye galu wodziwa kuluma koma osadziwa kusiya adzakutengerani ku polisi. Ife tinagula wotere kwa munthu amene ankati ngophunzitsidwa, kumeneko kunali kumumangirira pa tcheni nkumamuputa ndi thumba kuti aluse, analuma mwana wa mchemwali wanga pa ntchafu tsiku la Khirisimasi, mpaka lero mwanayo akamva kuuwa amabisala kuseri kwa chitseko. Komanso dzuwa la kuno mu October mukulidziwa, galu waubweya uja amangopuma wefuwefu lilime panja, pafunika mthunzi, madzi osatha, mankhwala a nkhupakupa, katemera wa chiwewe, ndipo sakhuta ndi mkute wa nsima ndi mitu ya usipa.

Wa_ku_Makawa:
Zikomo nonse, mayi pepani kwambiri za mwanayo. Ndiye kuti mapepalawa alibe ntchito? Ndingomusiya mkulu uja?

Mdala_wa_Agalu:
Ntchito ali nayo ngati ndi enieni, amakuuzani kuti magazi ake ngabwino, koma IGP3 ndi ya tate wake, kamwanako sikanalowe mkalasi. Muuzeni akuonetseni kabuku ka mapointi a tateyo, mumalembedwa tsiku, malo, dzina la jaji ndi mapointi a magawo atatu aja, ndipo nambala ya chip, kachipangizo komuzindikirira kamene amamuika pansi pa khungu, ifanane ndi ya pa pedigree, pepala la mayina a makolo ake lija. Mufunsenso zotsatira za x-ray ya chiuno ndi zigongono chifukwa mtundu umenewu umavutika nazo. Kenako kwerani basi mukaone make ndi maso, mugwetse makiyi kapena chivindikiro cha poto pafupi ndi tianato muone kamene kakudzidzimuka nkubwerera kudzanunkhiza. Akakana kuti mufike pakhomo pake musatumize ngakhale ya thiransipoti.