Cornerback wa ku koleji timuyeze bwanji draft ya NFL isanafike?

Akuluakulu amene mumaonera tepi ya mpira wa ku America, ndithandizeni. Cornerback (wotchinga amene amalondera wolandira mpira woponyedwa) wothamanga kwambiri koma wopepuka thupi, amenenso ku koleji amakonda kuima mayadi 7 kapena 8 kuchokera pa receiver (wolandira mpirayo), mumamuika pati?

Chikundizunguza mutu ndi ichi. Emmanuel Forbes wa Mississippi State anabweza ma interception (mipira yolanda m'malere) 6 kukhala touchdown (chigoli), timu ya Washington inamutenga pa nambala 16 pa draft ya 2023 (pomwe matimu a ligi ya NFL amasankha osewera ochokera ku koleji), koma ankalemera mapaundi 166 okha ndipo ma receiver amphamvu ankamukankha mosavuta. Chaka chachiwiri chisanathe anamuchotsa. Quinyon Mitchell wa Toledo nayenso ankasewerera kutali, koma ku Senior Bowl (masewero oyesera osewera a ku koleji draft isanafike) anaonetsa kuti press (kuima pafupi penipeni ndi receiver) amaitha, kenako ku mayeso a NFL Combine anathamanga mayadi 40 pa masekondi 4.33, Eagles n'kumutenga pa 22 mu 2024. Iyeyu zinamuyendera.

Ndiye chimene chimalekanitsa awiriwa pa tepi n'chiyani kwenikweni? Chiuno potembenuka kuchoka pa backpedal (kuthamanga chobwerera m'mbuyo), kutalika kwa mikono, kapena kulimba mtima pogwetsa munthu?

Malamulonso amabisa zambiri. Ku koleji ukhoza kumugunda receiver mpira usanaponyedwe, pomwe ku NFL receiver akadutsa mayadi 5 manja uchotse. Chilango cha pass interference (kusokoneza receiver mpira uli m'malere) ku koleji sichipitirira mayadi 15, ku NFL mpira umaikidwa pomwe walakwirapo. Mumazindikira bwanji wozolowera kugwira jezi akapitiridwa?

Ndipo kwa amene alibe All-22 (tepi yoonetsa osewera onse 22 nthawi imodzi), poti kamera ya pa TV imamutaya cornerback mpira ukangoyamba, masewero angati akukwana kuti munthu aweruze bwino?