Alamu anga afa ziwalo ndi sitiroko, kodi boma la kuno limathandiza bwanji pakhomo?

NaPhiri wa ku Rosettenville:
Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeni nzeru. Alamu anga a zaka 47 afa mbali ya kumanja ndi sitiroko, ndipo kuchipatala awatulutsa. Sayenda, kusamba ndi kudya mpaka wina awagwire. Akazi awo asiya ntchito kuti aziwasamala. Ali ndi ID ya permanent residence. Tiyambire pati?

Bambo a Tadala:
Pepani mayi. Popeza ali ndi permanent residence, ku SASSA, bungwe la boma lopereka ndalama zothandizira anthu (giranti), ali ndi ufulu wonse; khothi la malamulo aakulu linagamula zimenezi mu 2004 pa mlandu wa Khosa. Apemphe disability grant, giranti ya olumala a zaka 18 mpaka 59. Mu 2025 inali yopitirira pang'ono R2,300 pamwezi.

Pitani ku ofesi ya SASSA ya dera lanu, akupatsani tsiku loonana ndi dokotala. Makalata a kuchipatala muwanyamule onse, chifukwa dokotala amalemba zomwe waona pa pepala. Lipoti lake lisapitirire miyezi itatu musanapereke fomu, likapitirira mumayambiranso. Tengani ID, setifiketi ya ukwati ndi sitetimenti ya kubanki ya miyezi itatu, poti amawerengera ndalama za mwamuna ndi mkazi pamodzi. Nyumba yomwe akukhalamo sailowetsa m'chiwerengerocho. Ngati alamu sangathe kufika, wachibale akhoza kuwapemphera atanyamula kalata ya dokotala yonena chifukwa chake. Lisiti yomwe akupatseni muisunge bwino: ndalama zikavomerezedwa amalipira kuyambira tsiku limenelo.

Chomwe ambiri amachiphonya ndi grant-in-aid, pafupifupi R560 mu 2025, ya munthu amene sangakhale popanda womusamala usana ndi usiku. Sibwera yokha, muyenera kuipempha, ndipo dokotala alembe momveka kuti wodwalayo akufunika womuyang'anira nthawi zonse. Ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ntchito ya mayiwo, komabe matewera a akulu imagulako.

Mayi Nasibeko, Cosmo City:
Ndalama ndi khomo limodzi, thupi la alamuwo ndi khomo lina, ndipo limeneli silidikira SASSA. Miyezi yoyambirira sitiroko ikangochitika ndi imene mkono ndi mwendo zimabwerera msanga. Mukawagoneka kudikira giranti, mfundo zimauma.

Bwererani kuchipatala chomwe anagonekedwa mukapemphe kalata yopita kwa a physio ndi a OT, akatswiri olimbitsa ziwalo ndi ophunzitsa wodwala kudzichitiranso zinthu. Njinga ya olumala amalembera ndi iwowa, atamuyeza munthu m'chiuno ndi kutalika kwa miyendo. Musathamangire kugula yakale pa Facebook. Ikakula wodwala amapendamira mbali yakufayo, phewa n'kuyamba kupweteka. Mufunsenso katsamiro kokhalira, mpando wa chimbudzi wa m'chipinda, ndipo ngati akutsamwa pomwa madzi auzeni msanga, pali akatswiri a kumeza ndi kulankhula. Olandira giranti salipira m'zipatala za boma, choncho ikatuluka kasinthitseni fayilo.

Kukiliniki ya m'dera lanu funsani sisitala woyang'anira azaumoyo oyenda m'makomo kuti awalembe. Amabwera kudzayeza BP ndi kuona mankhwala, koma musayembekezere kuti azisambitsa tsiku ndi tsiku, ntchito imeneyo ikhalabe ya pabanja. Muziwatembenuza maola awiri alionse, muziona pamchira wa msana ndi zidendene. Malo ofiira osazimirira ndiye chilonda chayamba.

Achimwene a ku Mayfair:
Bambo a Tadala, mwaiwala UIF, thumba la boma lothandiza anthu amene ntchito yawaimira. Ngati kuntchito ankawadula, atenge fomu ya UI-19 kwa bwana, akapemphe ndalama za matenda ku ofesi ya zantchito (Labour) isanathe miyezi 6.

Ndiponso giranti imatha kubwera ya kanthawi, ya miyezi 6 mpaka 12. Ikatha imangoima, ndiye werengani kalata yawo bwino kuti mukayezetsenso nthawi ilipo. Akakukanani muli ndi masiku 90 ochita apilo. Ndipo musawapititse kumudzi n'kumaganiza kuti khadi la giranti lizigwirabe ntchito: giranti ndi ya munthu wokhala m'dziko muno, komanso ikakhala miyezi itatu yosatapidwa imafa.

NaPhiri wa ku Rosettenville:
Zikomo nonse. Nanga kuli malo oti angakakhaleko masiku ochepa kuti akazi awo apumeko? Atopa zedi.

Mayi Nasibeko, Cosmo City:
Dzerani kwa social worker wa kuchipatala kapena ku ofesi ya boma yosamalira anthu (Social Development), ndi amene amadziwa malo olembetsedwa omwe boma la Gauteng limawathandiza ndi ndalama. Mzere umakhala wautali, lembetsani pano. Musanamusiye munthu paliponse, onani chiphaso cha malowo ndi maso anu ndipo mukafikeko mosawauza. Mu 2016 odwala matenda a maganizo a m'zipatala za Life Esidimeni anawasamutsira ku mabungwe ena opanda ziphaso zoyenera, anthu 144 anamwalira. Dziwaninso kuti akakhalitsa m'malo omwe boma limalipira, kuyambira mwezi wachinayi giranti amaidula n'kutsala 25 pa 100 iliyonse, ndipo grant-in-aid salandiranso.