Banja Lathu: mwana watentha thupi

Amake mwana: Odi abale. Mwana thupi latentha kuyambira madzulo. Ndayeza kukhwapa, 38.4.

Malume aku Ndirande: Malungo amenewo. Mpatseni panado agone.

Azakhali anesi: Ayi achimwene, panado amabisa kutentha. Mlamu, mankhwala a khansa analandira liti?

Amake mwana: Lachiwiri sabata yatha. Lero tsiku la 9.

Azakhali anesi: Nyamukani pompano waku Queens. Kuyambira tsiku la 7 mpaka la 14 m'pamene asilikali a m'magazi amatsikiratu. Matenda oti mwana wina sangawamve n'komwe, iyeyu akhoza kumugwetsa usiku umodzi. Akamutenga magazi awerenge asilikaliwo, ayezenso malungo, koma jakisoni wopha tizilombo amafunika pasanathe ola mutafika, sadikira zotsatira.

Malume aku Ndirande: Ine ndati malungo. Ana 6 ndalera ine.

Amake mwana: Minibasi zatha kuno ku Lunzu. Wa takisi akuti K30,000.

Msungichuma: M'thumba mwatsala K11,500. Mwezi uno asonkha anthu 4 okha, pagulu pano tilipo 17. Maina sinditchula.

Mayi aang'ono: Mutchule kumene. Ena ku Joni amangowerenga n'kudutsa, koma zithunzi za nsapato zatsopano timaziona.

Msuweni waku Mzuzu: Ine ndinatumiza pa Mpamba, onaninso bwino.

Msungichuma: Ija inali ya malata a agogo.

Mayi aang'ono: Malatawo ali kuti? Mpaka lero agogo akutchera beseni pakama.

Malume aku Ndirande: Za malata mufunse amene anasunga makiyi. Ine pakamwa ndatseka.

Azakhali anesi: Abale inu! Mlamu, akumwa madzi? Akupuma bwanji? Mugwireni manja ndi mapazi.

Amake mwana: Akunjenjemera, mapazi ali zii. Phala wakana, m'kamwa muli tizilonda. Chikodzereni masana sanakodzenso.

Azakhali anesi: Zimenezo sizodikira kuche. Tengani buku lake la kuchipatala, pofika munene msanga kuti mwanayu ali pa mankhwala a khansa, musakhale pamzere. Ndatumiza K10,000 pa Airtel Money.

Msungichuma: Yafika. Yatsala K8,500. Achimwene aku Joni, tikukuonani muli pa intaneti.

Malume aku Ndirande: Akakayeza mudzandiuze ngati si malungo.

Azakhali anesi: Ngakhale apezeke nawo, jakisoni uja amubayabe.

Amake mwana: Takwera. Wa takisi wavomera kuti yotsalayo alandira mawa.

Msungichuma: Mawa lake atenga kwa ndani?