Thandizeni pa samu zochotsera zobwereka, Sitandade 2

Moni aphunzitsi anzanga nonse mugulu muno. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina kuno ku Dedza ndipo ndili ndi ana 94 mkalasi imodzi, vuto landikulira pa samu zochotsera zija zobwereka, monga 42 kuchotsera 17. Kuwerengera amatha bwinobwino koma zikafika poti 2 sungachotsepo 7 amangotembenuza nkuchotsa 2 pa 7, yankho nkulemba 35, pafupifupi theka la kalasi.

Ndayesa za TALULAR zija, zophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka mdera lathu lomwe. Tinatola zitsekerero za mabotolo pa golosale, zinathandiza pophatikiza koma khumi silioneka chifukwa zonse zimafanana. Nyemba ndi chimanga ndinasiya, zina zimagwera pansi zina amapita nazo kwawo. Kenako tinadula timitengo ta nsungwi nkumanga mitolo ya khumikhumi ndi mphira wa chubu cha njinga, apa pokha ndinaona kusintha, kamtsikana kena kanamasula mtolo umodzi kokha nkufuula kuti madamu zakhala 12! Mtima wanga unakhala pansi tsiku limenelo. Koma ndikangochotsa timitengo nkuwapatsa yomweyo mukope abwereranso ku 35 yemwe uja. Mitolo nayonso ndi yochepa, gulu limodzi ana 10 ndiye ogwira ndi awiri atatu ena amangoonerera.

Ndinafunsako ku TDC, likulu la aphunzitsi mu zoni yathu, anati ndipitirize, koma teremu ikutha. Inu mumawachotsa bwanji ana pa timitengo kupita pa manambala olemba osasokonezeka? Nanga kalasi yaikulu chonchi mumaigawa bwanji kuti aliyense agwireko? Chonde ndithandizeni.