Kompyuta yakana kuyaka nditangoikamo zida zatsopano, ndithandizeni

Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera ndi vuto. Ndili ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ndipo ndili ndi kabanka kanga pafupi ndi msika komwe ndimataipa makalata, kusindikiza zithunzi ndi kukonza mavidiyo a maukwati. Kompyuta yanga inayamba kukoka miyendo ndikamadula vidiyo, ndiye sabata yatha ndinakwera shapa kupita ku Tete kukagula zida zogwiritsidwapo kale ntchito: RAM ina ya 8GB ya DDR3, plaka ya vidiyo (khadi yotumiza zithunzi pa sikirini) ya RX 580, ndi fonte (kabokosi kogawa magetsi mkati mwa kompyuta) ya 500W popeza yakale inali ya 250W basi.

Dzulo madzulo ndinatsegula, ndinapukuta fumbi, nkumangirira zonse. Kudina batani, zii. Palibe kulira, sikirini ili bii. Koma kanyali kobiriwira ka pa plaka yaikulu (bolodi yomwe zida zonse zimalumikizidwapo) kakuyaka, ndipo ndikadina, fani ya purosesa imagwedezeka pang'ono ngati ikufuna kuzungulira kenako nkuima. Magetsi alipo, pulinta ikugwira pa soketi yomweyo, chingwe cha kukhoma ndasintha. RAM yatsopano ndachotsa, palibe chasintha.

Chikundisowetsa tulo ndi vidiyo ya ukwati ili mu hard disk. Eni ake analipira theka, akubwera Loweruka kuchokera ku Domwe. Kodi ndaotcha makina? Ndiyambire pati?

Wokonza mafoni ku Moatize:
Achimwene, yambani mwaona kumbuyo kwa fonte. Zina zakale zimakhala ndi kaswitchi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Kuno magetsi athu ndi a 220, choncho kakakhala pa 115 fonte imapsa nthawi yomweyo.

Mwini funso:
Zikomo. Iyi ilibe kofiirako, ili ndi switchi ya I ndi O yokha, ndipo ili pa I.

Mayi wophunzitsa makompyuta ku Tete:
Bambo, musataye mtima. Kanyali kobiriwirako kakusonyeza kuti moto wochepa wa 5V ukufika pa plaka. Fani kugwedezeka nkuima nthawi zambiri ndi fonte ikudziteteza: yamva kuti penapake moto ukugundana, ndiye ikudzizimitsa yokha. Zulani chingwe kukhoma, dinani batani kwa masekondi angapo kuti moto wotsala uthe, kenako mundiuze zinthu ziwiri. Chingwe chomwe mwalowetsa mu plaka ya vidiyo, mutu wake umagawika bwanji, 6 ndi 2 kapena 4 ndi 4? Nanga pafupi ndi purosesa pali kabowo ka mapini 4, mwalowetsapo kanthu?

Mwini funso:
Amayi, ndayang'ana ndi tochi ya foni. Mutu wake ukugawika 4 ndi 4. Ndikukumbuka kuti unkakana kulowa, ine nkuchita kukankha ndi chala chachikulu mpaka unalowa. Kabowo ka pafupi ndi purosesa kalibe kanthu. Ndinkayesa chachikulu cha mapini 24 chija chikukwanira.

Mayi wophunzitsa makompyuta ku Tete:
Vuto ndi limenelo. Cha 4 ndi 4 ndi cha purosesa, cha plaka ya vidiyo ndi cha 6 ndi 2, ndipo pamafonte ambiri chimalembedwa PCI-E pamutu. Zimaoneka zofanana koma mawaya ake anayalidwa mosemphana: pomwe china chili ndi 12V, chinzake chili ndi waya wobwezera moto. Werengani mawaya ngati ali amitundu. Cha purosesa chili ndi achikasu 4 ndi akuda 4, cha plaka chili ndi achikasu 3 okha. Timabowo anatipanga mosiyana dala, tina tamakona anayi tina todulidwa m'makona, kuti munthu asasokoneze. Chotsani plaka ya vidiyoyo yonse kaye. Gawani mutuwo, theka limodzi lilowe pafupi ndi purosesa popanda kukakamiza, chingwe cha sikirini mulumikize kumbuyo kwa plaka yaikulu, muyatse.

Mnyamata wa ku Tsangano:
Ikakanabe yesani kuchotsa kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa plaka yaikulu kwa mphindi zochepa. Kwa ine zinathandiza.

Mwini funso:
Yayaka! Yalira kamodzi, Windows yatseguka, RAM yatsopano ija ndabwezeramo ndipo ikuonetsa 16GB, vidiyo ya eni ake ili bwinobwino. Ndayamba kale kuikopera mu flash. Manja anga akunjenjemerabe. Amayi, Mulungu akudalitseni.

Tsopano plaka ya vidiyo ija ili pa tebulo apa, ndikuopa kuibwezeramo. Ndainunkhiza, sikununkha kupsa, koma pulasitiki ya pakabowo kamodzi yang'ambika pang'ono pomwe ndinakankha paja. Ndiyese, kapena ingandiphere plaka yaikulu?

Mayi wophunzitsa makompyuta ku Tete:
Malizani ntchito ya Loweruka kaye mmene makina alirimu, ngakhale akhale ochedwa. Mukapereka vidiyo, muone ngati mapini onse 8 ali owongoka ndipo palibe lomwe lada. Muwerengenso pepala la pambali pa fonte: RX 580 payokha imadya pafupifupi 185W, ndiye mzere wa 12V ukhale ndi mphamvu yokwanira, si 500W yolembedwa ndi zilembo zazikulu yokhayo ayi. Jambulani pepalalo ndi kabowo kong'ambikako mutumize pano tione limodzi musanayatse.